Mbatatesi Zowiritsa Kawiri

Bana Chibesa popita ku kitchenipate, phwando la amayi lolangiza mkwatibwi, ku Chelstone Loweruka lija, anasiya m'nyumba yawo ya ku Chilenje anthu awiri: amuna awo ba Kampamba, amene impso zawo zinali zitayamba kunyanyala ntchito, ndi mnansi wawo a Ezekiel, amene anapemphedwa kuphika nkhomaliro ndi kulondera pakamwa pa wodwalayo. Lolemba kunali kokayezetsa magazi, ndipo dokotala anali atanena mosapsatira kuti potasiyamu akakweranso m'thupimo mtima ukhoza kungoima, pakuti makina otsuka magazi anali owerengeka mumzinda wonse ndipo mzere wake unali wautali.

Awiriwa anali pa chimbuya. Ba Kampamba anali Mbemba wa ku Kasama, a Ezekiel wa kum'mawa ku Katete, ndipo mitundu iwiriyi imanyozana mwaufulu popanda wokwiya: uyu amati mnzake ngodya mbewa, winayo amati mnzake ngodya anyani, koma wina akamwalira, mbuya wake ndiye amaphika pamaliro ndi kuseketsa anamfedwa. Vuto linali lakuti a Ezekiel nthabwala sankaidziwa khomo lake. Anali insipekitala wa mabasi a boma kampaniyo isanathe, ndipo ku Chilenje ankanena kuti anatsitsapo apongozi awo pa Kabwata chifukwa tikiti yawo inathera pomwepo.

Ba Kampamba anakoka mpando, nakhala pakhomo la khitchini, manja atapinda.

"Uchita chani na mbatatesi zanga, iwe mbuya?"

"Nizidula."

"Uko ni kudula kapena upanga mikanda?"

"Bana Chibesa anakamba ati ting'onoting'ono."

"Chipisi imankhala yaitali monga chala."

"Sanakambe chipisi."

Osadzutsa mutu, a Ezekiel anabwereza malamulo onse monga anawalandirira pageti. Kusenda, kudula ting'onoting'ono, kuviika, kuwiritsa m'madzi ambiri, kutaya madziwo, kuwiritsanso m'madzi ena, kutayanso, chifukwa potasiyamu amathawira m'madzimo. Mchere usayandikire. Chilichonse chimene chili m'paketi kapena m'chitini chisalowe mkamwa.

"Manje ngati vabwino vonse viyenda mu sinki, ine nizadya chani?"

"Vosala."

"Vosala ni makoko."

"Makoko nataya kale, ba mbuya. Musade nkhawa."

Ba Kampamba anapumira m'mwamba. Mkwiyo wawo unali ndi mbiri yake, ndipo anaiyamba pachiyambi penipeni, monga ankachitira kwa aliyense wowachezera. Nthawi ya chipani chimodzi iwo anaima pamizere ya sopo, ya saladi, mafuta ophikira aja, ngakhale ya mchere weniweniwo. Anavota kuti zinthu zisinthe, zinasinthadi, kampani yawo inagulitsidwa, iwo anapatsidwa kalata yoti akapume. Koma sanadandaule, poti shopu yatsopano ya a ku Joni itatsegulidwa mu Cairo Road, anaona ndi maso awo mashelufu atadzaza poloni, maviyena, nyama za m'zitini ndi tinthu tina tamitundumitundu tokhala ndi mayina ovuta. Ndiye lero dziko lakhuta, iwo okha ndiwo auzidwe kuti adye mbatatesi yosambitsidwa ngati khanda?

"Ine ninavotela poloni," anamaliza motero.

"Pa pepala ya voti panalibe poloni," anatero a Ezekiel. "Ninaiona bwino."

Anakhuthula madzi oviikamo mbatatesi aja, oyera mbuu, nathira ena mumphika, nayatsa mbaula yamagetsi. Apo ba Kampamba anapisa m'thumba la gauni lawo natulutsa kabotolo.

"Chabwino. Mchele wakana. Uyu si mchele wamba, ni wa odwala. Ninagula neka mu tauni. Thilako."

A Ezekiel analandira kabotoloko, nakaika m'thumba la malaya awo, namanga batani.

"Uyu anaukambapo mwapadela. Ati anesi anakamba kuti amaupanga na potasiyamu yeve uja."

"Koma ni wa odwala."

"Odwala ena."

"Ine sinidwala?"

"Mudwala. Koma iyi ni basi ya ku Matero, imwe muyenda ku Chilenje."

Ba Kampamba anamuyang'ana mbuya wawoyo nthawi yaitali. Munthu wotere kulimbana naye n'kutaya mphamvu, anaganiza. Chofunika n'kumukola ndi malamulo ake omwe. Anadzuka mwakachetechete, napita pabalaza, natsegula kumbuyo kwa wailesi yaikulu yakale imene inasiya kulira zaka zapitazo. Pobwera anali atanyamula poloni wofiirira, wonenepa, wogulidwa dzulo lake, ndi paketi ya makirisipi, timbatatesi touma tokazinga tamchere. Anaziika patebulo monga munthu wopereka umboni kukhoti.

"Ivo vili mu paketi," anatero a Ezekiel.

Ba Kampamba anatenga mpeni, nang'amba pulasitiki, naikoka mpaka poloni anatsala wamaliseche.

"Paketi iyi apa. Poloni iyi apa. Ili mu paketi?"

A Ezekiel anayang'ana pulasitiki, nayang'ana poloni. Nkhope yawo inavutika.

"Siili mu paketi."

"Ehe."

"Koma ili na mchele."

"Manzi yachosa potasiyamu mu mbatatesi?"

"Yachosa."

"Manje yangakange bwanji kuchosa mchele mu poloni? Mchele na manzi, wamphamvu ndani?"

"Manzi."

"Ndiye isambike monga mbatatesi. Lamulo ni imozi."

A Ezekiel anaganiza mpaka mbatatesi zinayamba kubwata. Kenaka anavomera, koma anafunsa kuti adziwa bwanji kuti mchere wathamo, poti mchere suoneka ndi maso. Apa ba Kampamba, atatengeka ndi kupambana kwawo, anayankha mosaganiza, ndipo mawu amenewo anawadandaula masana onse.

"Uzalawa. Ulibe lilime?"

Poloni analowa mumphika wachiwiri. Madzi anasanduka apinki, fungo linadzaza khitchini, ba Kampamba malovu anadzaza mkamwa mpaka anachita kumeza mokweza. A Ezekiel anataya madzi, nadula chibenthu chachikulu ndithu, natafuna pang'onopang'ono maso ali kudenga.

"Bwanji?"

"Ukalimo."

"Pang'ono chabe?"

"Anakamba ati usayandikile. Sanakambe pang'ono."

Anathira madzi ena, nawiritsanso, natayanso, nadulanso.

"Manje?"

"Ukalimo."

"Iwe, dulako kang'ono. Ulawa kapena udya?"

"Kunja kungasambike, mukati mwasala mchele. Nifunika kufika mukati."

Poloni uja anayamba kuonda pamaso pa mwini wake. Ba Kampamba anaimirira, anakhala, anaimiriranso. Ananena kuti lilime la munthu wokulira mbewa silingadziwe kukoma kwa chakudya cha m'shopu. A Ezekiel anayankha kuti mbewa amaziwaza mchere wambiri, choncho pa nkhani ya mchere lilime lawo n'lodalirika. Pamapeto pake mumphika munatsala kanthu kotuwa, konga batani la jekete. A Ezekiel anakatola ndi foloko, nakaponya mkamwa, nagwedeza mutu.

"Apa manje wachepako."

"Nipase!"

"Yasila."

"Yasila bwanji?"

"Munakamba ati nilawe."

Za makirisipi n'zosachedwa kufotokoza. Ba Kampamba anayesa kuwabisa kumbuyo, koma a Ezekiel anawakumbutsa kuti lamulo ndi limodzi, ndipo anali iwo eni amene ananena. Makirisipi atangogwera m'madzi otentha anasanduka phala. Itafika nthawi yotaya madzi, panalibe njira yosiyanitsira madzi ndi makirisipi, ndipo zonse zinatsikira limodzi mu sinki.

Mbatatesi nazo zinali zitawira kachiwiri. A Ezekiel anazitsanula bwinobwino, naziika m'mbale pamodzi ndi kabichi wowiritsa ndi kachidutswa ka nkhuku kamene bana Chibesa anasiya, nabweretsa patebulo ndi manja awiri. Zinali zoyera, zofewa, zopanda fungo lililonse. Ba Kampamba anatola kamodzi, nakaika pa lilime, ndipo anamva ngati akutafuna thonje lonyowa. Chinawapweteka sichinali njala yokha ayi. Anali mantha amene ankawabisa chibwerere kuchipatala, ndi chisoni choti mwina moyo wonse wotsala udzakoma chonchi. Anakankha mbale.

"Awe mwandi. Kuli bwino nife chabe."

A Ezekiel anapukuta manja pa kansalu, nakoka mpando, nakhala moyang'anana nawo.

"Liti?"

"Chani?"

"Mwakamba ati mufe. Nifunsa siku, chifukwa nchito ni yanga."

"Iwe, nakamba chabe."

"Pa Chibili siningakwanise, nili na kiliniki ya bipi. Kuchoka pa Chitatu nili mfulu."

Ba Kampamba anatsegula pakamwa, koma a Ezekiel anali atayamba kale ntchito. Anafunsa ngati akufuna manda a Leopards Hill kapena a Chingwere, nalangiza Leopards Hill poti ndi kufupi ndipo mafuta a lole akwera. Anati mipando yonse ya pabalaza idzatulutsidwa panja monga mwa mwambo, azimayi agone mkati, tenti ya azibambo ikhomedwe kutsogolo. Anasuzumira pawindo, naona mtengo wa gwafa umene ba Kampamba anaubzala okha chaka chimene analowa m'nyumbayi.

"Uja tizadula. Nkhuni."

"Gwafa wanga?"

"Muzankhala simuufuna."

"Ukaugwila nizakumanga."

"Muzankhala mu bokosi." Anawayeza ndi maso kuyambira kumutu mpaka ku masilipasi. "Mwayonda. Siizavuta kunyamula."

Ba Kampamba anafunafuna pankhope ya mbuya wawo kuti mwina apezapo kachizindikiro ka nthabwala. Panalibe. Munthuyo anali kuwerengera zinthu mumtima monga ankawerengera okwera basi.

"Vakudya ndiye vizavuta," anapitiriza a Ezekiel. "Muli na banthu bambili. Ba ku Kasama, ba ku Kopala, ba kwaya ya ba Katolika, na ise ba kum'mawa bonse ba mu Chilenje. Mbatatesi tizagula masaka ku maliketi ya Soweto."

"Zowilisa kabili?"

"Awe. Chipisi. Yaitali monga chala."

"Chipisi pa malilo yanga."

"Mu dilamu yodula pakati, saladi yambili. Ikazizila siiwama, so tizayamba kudya ise ophika."

"Na mchele?"

"Wambili. Wodwala azankhala kulibe."



"Ndiwo ni nkhuku," anatero a Ezekiel, "na maviyena yaja."

"Maviyena yati?"

"Yamene mwabisa mu fuliji pansi pa lepu. Nayaona potenga kabichi. Ba pa paketi analemba ati yafika mwezi wa mawa, so yazakwana bwino."

"Yaja ni yanga."

"Ni yanu. Ndiye chifukwa tizayadya pa malilo yanu."

Chithunzicho chinawaonekera ba Kampamba chonse chathunthu. Bwalo lawo litadzaza odya mbewa, milomo ili nyezinyezi ndi mafuta, gwafa akuyaka pansi pa dilamu, utsi wa maviyena ukulowa pawindo mpaka pamene iwo agona, manja atawapingasa, osatha ngakhale kutukwana. Monga kuti izo sizinakwane, a Ezekiel anawakumbutsa kuti pamaliro mbuya amavala zovala za malemu n'kumayenda monga ankayendera, kuti anamfedwa asekeko.

"Jekete yanu ya bulauni izanikwana. Kuyenda kwanu nakuziba." Anaimirira, natulutsa mimba, nayenda masitepe angapo miyendo ili tang'a, dzanja limodzi kumbuyo. Choipa chake n'chakuti anafananitsa ndithu.

"Ine siniyenda so."

"Muyenda so. Nizakambanso vija va poloni na voti. Bazaseka maningi."

Ba Kampamba anadzuka mwaukali, natsegula fuliji, nakankha masamba a lepu, natulutsa paketi ya maviyena. Anaing'amba ndi mano. Anasolola imodzi, yozizira, yonyezimira, naiimika patsogolo pa milomo yawo ngati ndudu.

"Nizayadya yonse manje manje. Tione chamene uzadya pa malilo."

Ankayembekeza kuti mbuya wawo adumphe, alimbane, mwina mbale isweke. A Ezekiel sanasunthe. Anangoyang'ana viyenayo, kenaka anakhala pansi mwapang'onopang'ono, nayala manja awo patebulo.

"Mphamvu zolimbana na imwe nilibe," anatero. "Nizauza bana Chibesa kuti nakangiwa. Koma pali chintu chimozi chamene sininakonze. Nachiganiza kuchokela siku mwabwela ku chipatala, sinipeza yankho."

"Chani futi? Maluba?"

"Dilafuti."

Madzulo alionse, chithere ntchito zawo, awiriwa ankakhala pansi pa gwafa uja n'kumasewera dilafuti ya zitsekerero za mabotolo mpaka udzudzu uwathamangitse.

"Bamene tinali nabo ku mabasi basila," anatero a Ezekiel, mawu ali pansipansi. "Chaka chino cheka naphika pa malilo mpaka nsapato za ku manda zang'ambika. Amake bana banayenda. Yanu nayo nizaphika, ni nchito yanga, nizavala jekete, banthu bazaseka. Manje tenti ikachoka, mu mazulo, nizamenya na ndani dilafuti?"

Sanafunse mwachisoni chochita kupanga ayi. Anafunsa monga ankafunsira tikiti, akudikira yankho lenileni, ndipo ndicho chinawapweteka ba Kampamba. Anachita manyazi, anamumvera chisoni munthu wouma mutuyu, ndipo koposa zonse anazindikira kuti iwonso kufa sakufuna, angakhale atamadya thonje mpaka tsitsi lonse litathothoka. Koma Mbemba sangalire pamaso pa wa ku Katete masana dzuwa likuswa mtengo. Anatsokomola, nayang'ana viyena ija ngati akuiona koyamba.

"Iwe dilafuti uiziba? Zaka zonse izi nikulekelela chabe."

"Dzulo ninakudyani katatu."

"Ninali kudwala."

"Na lelo mudwala."

Ba Kampamba anabweza viyena ija m'paketi, nakankhira paketiyo kutsidya kwa tebulo.

"Chosa ivi. Upase bana ba pa neba."

"Vili mu paketi yong'ambika."

"Chosa chabe, iwe."

Anakokera mbale ija pafupi. Mbatatesi zinali zitazizira, ndipo kuzizirako sikunazithandize. Anatafuna kamodzi, nkhope itakwinyika, nameza, natolanso kena. A Ezekiel ankawayang'anira kufikira foloko iliyonse itafika kumene ikupita. Atadya theka, ba Kampamba analoza thumba la mbatatesi limene linali pakona.

"Zasala zingati umo?"

"Zambili."

"Tenga zinai. Senda."

"Simunakhute?"

"Senda, nakamba. Pang'onopang'ono, nione."

A Ezekiel anatenga mpeni, nayamba kusenda. Ba Kampamba anasendeza mpando mpaka pafupi ndi sinki, navala magalasi awo, nayamba kufunsa mafunso ngati mwana wa sukulu wofuna kukhoza mayeso. Tizidutswa tizikula bwanji? Kuviika n'kwa nthawi yotani? Madzi achiwiri akhale ozizira kapena otentha? Nanga munthu ataphika zambiri, tinene mu dilamu yodula pakati, amatsanula bwanji osapsa?

A Ezekiel anayankha zonse mwadongosolo. Pa funso la dilamu lokha ndi pamene mpeni unaima.

"Mu dilamu? Muzadya mweka dilamu yonse?"

"Ine? Awe."

"Manje muphunzilila chani?"

Ba Kampamba anatola kambatatesi kotsiriza m'mbale, nakatafuna mosafulumira, akumuyeza mbuya wawo ndi maso kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Taya manzi, uwilisenso, niyang'ana. Pa malilo yako ophika nine, ndipo Katete yonse izadya ivi."